Ndalama za penshoni yanga zachoka ku kampani yakale koma ku yatsopano sizinafike

Mayi wina wa zaka 52 amene amagwira ntchito ku Britain wandilembera motere: "Kwa zaka 14 ndakhala ndikusunga ndalama mu penshoni imene ndinatsegula ndekha, osati ya kuntchito, ndipo zinakwana pafupifupi mapaundi 48,000. Masabata 10 apitawo ndinapempha kuti zisamutsidwire ku kampani ina imene imadula ndalama zochepa pa chaka. Patatha mwezi kampani yakale inanditumizira mafunso ambirimbiri, ndipo ndinayankha onse. Masabata awiri apitawo akaunti yanga yakale inayamba kuonetsa kuti mulibe kanthu, koma a kampani yatsopano akuti sanalandire chilichonse. Ndikaimba kuno akuti funsani uko, ndikaimba uko akuti funsani kuno. Kodi ndalama zanga zatayika? Ndiletse kusamutsaku? Nanga ngati ndaluza chifukwa cha kuchedwaku, adzandibwezera ndani?"

Mayi, khazikani mtima pansi. Pa zaka zambiri zimene ndakhala pa ntchito yoyendetsa mapenshoni ndi kuthandiza anthu pa madandaulo awo, sindinaonepo ndalama zikuzimirira pakati pa makampani awiri ovomerezeka ndi bungwe loyang'anira zachuma la Financial Conduct Authority, limene ambiri amangolitchula kuti FCA. Zimene ndaona kawirikawiri ndi ndalama zitaima pamalo amodzi odziwika, zikudikira munthu mmodzi kuti achite chinthu chimodzi, pamene aliyense akuganiza kuti wachichita kale mnzake. Pali chinthu chimodzi chokha choti mutsimikize lero lomwe musanachite china chilichonse: lowani nokha m'kaundula wa FCA pa intaneti, osadzera pa adiresi imene wina anakutumizirani, muone kuti kampani yatsopanoyo ilimo ndiponso kuti nambala ya foni ndi adiresi zimene mwakhala mukugwiritsa ntchito ndi zomwezo zimene zalembedwa mmenemo. Zikagwirizana, dziwani kuti vuto lanu ndi la kuchedwa basi, ndipo lili ndi njira yake yolithetsera.

Komabe sindikuuzani kuti mungodikira, chifukwa pamene nkhani yanu yafika ndi pamene kuchedwa kumapweteka kwambiri. Pali njira ziwiri zosamutsira penshoni ya mtundu umenewu. Yoyamba, imene anthu ambiri amadzera, ndi yakuti kampani yakale imagulitsa zonse zimene ndalama zanu zinaikidwamo, kaya ndi masheya kaya ndi magawo a m'matumba a ndalama (mmene ndalama za anthu ambiri zimasonkhanitsidwa n'kuikidwa pa msika), n'kutumiza ndalama zenizeni ku kampani yatsopano kuti ikakugulireni zina. Yachiwiri, imene amaitcha in specie, ndi yosamutsa masheya ndi magawo aja mmene alili popanda kugulitsa. Poti akaunti yanu yakale ikuonetsa kuti mulibe kanthu, zikuoneka kuti inu munadzera njira yoyamba ndipo kugulitsa kunachitika kale. M'masabata 8 oyamba aja, ngakhale munali kuda nkhawa, ndalama zanu zinali zikugwirabe ntchito pa msika, zikukwera ndi kutsika monga mwa nthawi zonse. Kuyambira tsiku limene zinagulitsidwa zangokhala, sizikubereka, ndipo msika ukakwera inu simukwera nawo. Tiyerekeze kuti pa masabata awiriwa mitengo ya zimene mukufuna kugula yakwera ndi 2 peresenti: pa mapaundi 48,000 ndiye kuti mapaundi 960 akudutsani, ndipo kusiyana kumeneku kudzapitirira kukula nanu limodzi mpaka tsiku lopuma ntchito. N'zoona kuti msika ukatsika pa nthawi yomweyi mumapindula, popeza mudzagula motchipa, koma penshoni ya munthu siyenera kusiyidwa kuti iziyendera mwayi chifukwa chakuti ofesi ina yachedwa.

Kugulitsa kukachitika, ndalama sizibwera tsiku lomwelo. Masheya a pa msika wa ku London amalipiridwa patatha masiku awiri ogwira ntchito, pamene magawo a m'matumba ambiri amatenga masiku atatu kapena anayi. Kenako kampani iyenera kuvomereza kuti ndalama zituluke, ndipo zikakhala zochuluka chonchi nthawi zambiri pamafunika anthu awiri kuti asainire. Zikatumizidwa kudzera pa njira ya mabanki yotchedwa Bacs zimafika patatha masiku atatu ogwira ntchito, pa ina yotchedwa CHAPS zimafika tsiku lomwelo, ndipo alipo makampani ena akale amene amatumizabe cheke pa positi. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti sabata limodzi kapena kupitirira pang'ono n'lomveka. Masabata awiri athunthu popanda wina wokuuzani kumene ndalama zili n'kuchedwa kumene muli ndi ufulu wokufunsira chifukwa chake.

Pa zimene ndakumana nazo, ndalama zotere zimakhala pa amodzi mwa malo awiri. Mwina zikadali ku kampani yakale, zagulitsidwa koma sizinatuluke, kapena zinafika kale ku banki ya kampani yatsopano koma sizinalembedwe pa dzina lanu. Chachiwirichi n'chimene chimadabwitsa anthu, chonsecho chimachitika kwambiri. Kampani yaikulu imalandira ndalama zambirimbiri patsiku mu akaunti imodzi, ndipo zimene zabwera popanda nambala yolondola yozizindikiritsa zimaikidwa padera kudikira kuti mwini wake adziwike. Nthawi zina nambala ilipo koma chikalata chotsagana nazo sichinafike, chimene chimanena ngati munayamba mwatapako kale pa penshoniyo kapena ayi, ndipo popanda chimenechi kampani yatsopano singazilowetse mu akaunti yanu chifukwa msonkho wake umayenda mosiyana. Munthu amene mumalankhula naye pa foni amangoyang'ana akaunti yanu, akuona kuti mulibe kanthu, n'kukuyankhani moona mtima kuti sanalandire, pamene ndalamazo zili m'nyumba momwemo.

N'chifukwa chake funso lakuti "zafika pati?" silikuthandizani, chifukwa aliyense ali ndi yankho lake la funso limenelo. Lemberani kampani yakale imelo kapena kalata yowafunsa tsiku limene anagulitsa, ndalama zimene zinapezeka mpaka pa khobiri lomaliza, tsiku limene anazitumiza ndi njira imene anatumizira, komanso nambala yozindikiritsa imene analemba pa malipirowo pamodzi ndi manambala omalizira a akaunti imene anatumizako. Akalephera kukupatsani tsiku lotumizira, mwadziwa kuti sizinatuluke ndipo mlandu uli kwa iwo. Akakupatsani, tengani zonsezo mupereke ku kampani yatsopano, ndipo pemphani kuti zikafike ku gulu loona za kusamutsa mapenshoni kuti likayang'ane pa ndalama zosadziwika mwini. Ndaonapo kangapo ndalama zimene zinasowa kwa mwezi wathunthu zikupezeka tsiku limodzi munthu atangopereka kuchuluka kwake kwenikweni ndi tsiku lake. Funsaninso ngati kusamutsaku kukuyenda kudzera pa Origo, njira ya pa kompyuta imene makampani ambiri a penshoni ku Britain amalumikizirana, chifukwa ngati ndi choncho mbali zonse ziwiri zikuona chinthu chimodzi, ndipo sitepe iliyonse ili ndi tsiku lake lolembedwa limene wina sangalikane.

Mukumbukirenso kuti ndalama zikafika si kuti zayamba kugwira ntchito. Makampani ambiri, makamaka a penshoni ya mtundu wa SIPP imene mwini wake amasankha yekha koika ndalama, amazisiya zili choncho mpaka inu mutalamula zoti agule. Onani ngati munapereka kale lamulo limenelo, chifukwa masiku amene zingakhale zikudikira inu palibe amene adzakulipireni.

Tibwerere ku masabata 8 oyamba aja, popeza mukadzadandaula adzawerengedwanso. Mafunso amene munalandira si chizindikiro chakuti kampani yakale inkafuna kukukanizani ndalama zanu. Kuyambira pa 30 Novembala 2021 malamulo a ku Britain amalamula oyendetsa mapenshoni kuti asanatulutse ndalama afufuze ngati pali zizindikiro za chinyengo, ndipo anawapatsa mphamvu zoimitsa kapena kukana kusamutsa. Zizindikirozi zili m'magulu awiri. Zoopsa kwambiri, zimene amazitcha red flag, zimachititsa kuti kusamutsa kukanidwe: mwachitsanzo ngati munthu wosamudziwa ndiye anayamba kukuimbirani za nkhaniyi, ngati munalonjezedwa mphatso kuti musamuke, ngati munakakamizidwa kufulumira, kapena ngati wokulangizani alibe chilolezo cha FCA. Zocheperako, zotchedwa amber flag, zimafuna kuti muyambe mwakambirana ndi alangizi a MoneyHelper, bungwe lothandiza anthu kwaulere, ndipo mukatero mumapatsidwa nambala yoti mupereke ku kampani yakale kuti ntchito ipitirire. Chimodzi mwa zizindikiro zocheperakozi n'chakuti penshoni yatsopanoyo ili ndi ndalama zoikidwa kunja kwa dziko, ndipo poti pafupifupi penshoni iliyonse yamakono imakhala ndi masheya a m'maiko ena, makampani ena akhala akutumiza ku MoneyHelper ngakhale anthu amene akusamukira ku makampani odziwika bwino. Ine maganizo anga ndi akuti kufufuzaku n'kofunika, chifukwa ndakhalapo ndi anthu amene anataya penshoni ya moyo wawo wonse kwa akathyali, ndipo chisoni chawo sichingafanane ndi cha munthu amene wachedwetsedwa masabata atatu. Chimene sindigwirizana nacho ndi kutenga mwezi wathunthu musanatumize n'komwe mafunsowo, monga anachitira kwa inu. Kufufuza n'kololedwa, koma kusiya pempho la munthu pa tebulo kwa masabata anayi popanda kulikhudza sikukutetezedwa ndi lamulo lililonse.

Zifukwa zina za kuchedwa ndi zazing'ono moti munthu sangakhulupirire. Dzina losiyana pakati pa makampani awiriwo, makamaka kwa amayi amene anasintha dzina pokwatiwa koma penshoni yakale ikadali m'dzina lakale, limaimitsa zonse mpaka chikalata cha ukwati chitaonedwa. Adiresi yakale, tsiku lobadwa lolembedwa molakwika, nambala ya National Insurance (imene boma limakudziwirani pa za msonkho ndi penshoni) yophonya chilembo chimodzi, kapena nambala ya penshoni imene inasintha pamene kampani yakale inagulidwa ndi ina, zonsezi zimabweza pempho, ndipo nthawi zambiri limabwerera ku kampani yatsopano osati kwa inu, choncho simudziwa kuti labwerera. Chinanso ndi ndalama zimene mumaika mwezi ndi mwezi. Pa mapaundi 80 aliwonse amene mwaika, kampani imakatenga mapaundi 20 ku HMRC, bungwe la boma lotolera misonkho, monga msonkho wobwezedwa, ndipo ndalama zimenezi zimafika patatha masabata angapo. Makampani ena amadikira kuti zifike kaye asanatseke akaunti, ena amatumiza zimene zilipo n'kudzatumiza zotsalazo pambuyo pake. Ngati simunaimitse zopereka zanu za mwezi ndi mwezi, funsani za zimenezi, ndipo ngakhale ndalama zazikuluzo zikafika mudzayang'anenso ngati kandalama kotsalirako kabwera.

Owerenga ena amene anasankha njira ya in specie adziwe kuti yawo imachedwa kuposa apa, nthawi zina miyezi ingapo, chifukwa thumba lililonse limasamutsidwa palokha ndipo kampani yatsopano mwina sisunga mtundu womwewo wa magawo. Ubwino wake ndi wakuti ndalama zimakhalabe pa msika nthawi yonseyo. Palinso matumba amene amatsekedwa kwa kanthawi, monga anachitira matumba angapo oika ndalama m'nyumba zamalonda mu 2016 ndi mu 2020, ndipo zikatero gawo limenelo silingagulitsidwe mpaka atatsegulanso.

Mukadzadandaula mwina adzakuyankhani kuti lamulo limawapatsa miyezi 6. N'zoona kuti lamulo la mapenshoni la 1993 linaika miyezi 6 ngati malire omalizira kusamutsa munthu akapempha, koma amenewo ndi malire otsiriza, si muyezo wa ntchito yabwino. Oweruza madandaulo amayang'ana sitepe iliyonse payokha n'kufunsa ngati inatenga nthawi yoyenera, ndipo kampani ikhoza kupezeka yolakwa ngakhale inamaliza miyezi 6 isanakwane. Kuonjezera apo, kuyambira pa 31 Julayi 2023 makampani oyang'aniridwa ndi FCA ali pansi pa lamulo lotchedwa Consumer Duty, limene limawaletsa kuika zopinga zosayenera kwa kasitomala amene akufuna kuchoka. Kutuluka sikuyenera kukhala kovuta kuposa kulowa.

Langizo langa ndi lakuti musadikire kuti ndalama zipezeke kaye kuti mudandaule. Lembani dandaulo sabata lino, ndipo pamwamba pa kalatayo mulembe momveka kuti ndi dandaulo lofuna kuyankhidwa mwa dongosolo, chifukwa kuimba foni kakhumi sikuyambitsa kuwerenga masiku, pamene dandaulo limayambitsa. Kampani ili ndi masabata 8 kuti ikupatseni yankho lomaliza. Poti simunadziwe amene walakwa, lemberani onse awiri, aliyense kalata yake, ndipo musaope kuti mukunamizira wosalakwa, popeza wosalakwayo adzayankha ndi masiku ake ndipo masikuwo ndiwo adzaloze wolakwa. M'kalatamo ikani mndandanda wa zimene zinachitika ndi masiku ake, kuyambira tsiku lopempha, tsiku lolandira mafunso, tsiku loyankha, mpaka tsiku limene akaunti inaonetsa kuti mulibe kanthu, ndipo sungani chithunzi cha akauntiyo mmene ikuonekera lero. Lembani mofatsa popanda kunyoza, chifukwa kalata imeneyi ndi imene woweruza adzayambe kuwerenga nkhani ikapita patsogolo.

Pa za kubwezeredwa, mfundo imene imatsatidwa ndi yakuti muyenera kuikidwa pamene mukanakhala pakanapanda kuchedwa. Amapeza tsiku limene ndalama zanu zikanayamba kugwira ntchito ku kampani yatsopano zinthu zikanayenda bwino, n'kuwerengera magawo amene mukanagula tsiku limenelo poyerekeza ndi amene mwagula mochedwa. Ngati mwapeza ochepa, wolakwayo amalipira kusiyanako, kawirikawiri molowetsa mu penshoni momwemo. Pemphani mwachindunji kuti achite kuwerengera kumeneku ndipo akuonetseni mmene awerengera, chifukwa makampani ena amafulumira kupereka kandalama kopepesera n'kusiya kutchula zimene munaluza pa msika, pamene izi ndi zinthu ziwiri zosiyana ndipo mukhoza kulandira zonse. Chipukuta misozi cha nkhawa ndi nthawi imene mwataya chilipo ndithu, koma nthawi zambiri chimakhala chochepa poyerekeza ndi zimene msika ungakulandeni. Mudziwenso pasadakhale kuti kuwerengerako kukasonyeza kuti kuchedwa kunakupindulitsani, palibe cha pa msika chimene mudzabwezeredwe.

Masabata 8 akatha popanda yankho, kapena yankho likabwera losakukhutiritsani, pitani ku Financial Ombudsman Service, bungwe loweruza madandaulo a zachuma, ndipo muyenera kutero pasanathe miyezi 6 kuchokera tsiku la yankho lomalizalo. Bungwe la The Pensions Ombudsman nalonso limamva madandaulo a kayendetsedwe ka mapenshoni, ndipo nthawi zambiri limafuna kuti nkhani ifike pasanathe zaka zitatu. Onse awiri ndi aulere, ndipo mukafika kolakwika amakulozerani koyenera. Simufunika loya kapena kampani yokudandaulirani imene idzatenge gawo la ndalama zanu.

Za kuletsa kusamutsa, pamene mwafikapa sindikukulangizani kutero. Zimene munali nazo zinagulitsidwa kale, kampani yakale sikakamizidwa kulandiranso ndalamazo, ndipo ngakhale italola mungoonjezera masabata ena amene ndalama zanu zikhala osagwira ntchito, kwinaku mukusokoneza umboni wa amene anachedwetsa. Nthawi yoganiza zobwerera m'mbuyo inali kugulitsa kusanachitike, ndipo apa ndilankhule ndi owerenga amene sanayambe. Mapenshoni ena akale ali ndi malonjezo amene amatha munthu akangosamuka, monga lonjezo la mlingo wokhazikika wa ndalama za mwezi ndi mwezi popuma ntchito, ufulu wotapa zoposa 25 peresenti popanda msonkho, kapena ufulu woyamba kutapa pa zaka zocheperapo, chinthu chimene chikhale cha mtengo wapatali popeza zaka zoyambira kutapa zikukwera kuchoka pa 55 kufika pa 57 kuyambira pa 6 Epulo 2028. Ngati penshoni ili ndi lonjezo la ndalama za mwezi ndi mwezi ndipo mtengo wake ukuposa mapaundi 30,000, lamulo limafuna kuti munthu ayambe walandira uphungu kwa mlangizi wovomerezeka ndi FCA, ndipo kusowa kwa chikalata cha mlangiziyo ndi chifukwa china chimene kusamutsa kumaimira miyezi. Inu Mayi simunafunsidwe chikalata chimenechi, zimene zikusonyeza kuti mwina penshoni yanu inalibe lonjezo lotere, komabe funsani kampani yakale kuti itsimikize polemba, ndipo ikuuzeninso ngati inadulapo kanthu potuluka. Malire a 1 peresenti pa ndalama zodulidwa potuluka, amene anayamba mu 2017, amateteza anthu amene afika zaka 55, choncho inu pa zaka 52 simunalowemo, ndipo m'pofunika kuti muyerekeze ndalama zimene zatumizidwa ndi zimene akaunti inkaonetsa tsiku logulitsa.

Pali zinthu zingapo zimene zikachitika musadikire masabata 8 aja. Ngati kampani yatsopanoyo simukuipeza m'kaundula wa FCA, kapena ngati amene anakuuzani zosamuka ndi munthu amene anakuimbirani yekha, chinthu chimene chinaletsedwa ku Britain kuyambira Januwale 2019, dziwitsani kampani yakale ndi FCA tsiku lomwelo kuti ngati ndalama sizinatuluke ziimitsidwe. Ngati kampani yakale yanena kuti inatumiza ku akaunti imene kampani yatsopano ikuti si yake, pemphani kuti banki yawo iyambe kulondola malipirowo nthawi yomweyo. Ndipo kwa iwo amene ayamba kale kulandira ndalama za mwezi ndi mwezi kuchokera mu penshoni imene ikusamutsidwa, kuchedwa kukhoza kudula malipirowo, choncho auze makampani onse awiri momveka kuti akudalira ndalamazo pa moyo wa tsiku ndi tsiku, popeza nkhani zotere zimatha kuikidwa patsogolo. Pa nkhani yanu, a MoneyHelper akhoza kukuthandizani kwaulere kukonza kalata ya dandaulo ngati mukuona kuti ikukuvutani, ndipo mukalandira tsiku lotumizira ndi nambala yozindikiritsa kuchokera ku kampani yakale, zitumizeni ku kampani yatsopano tsiku lomwelo ndi kupempha dzina la munthu amene azilondola.